Kuti asakudyereni masuku pamutu: kaikidwe ka mtengo pa ntchito ya pixel art

Ojambula ambiri a pixel art (zithunzi za magemu zopangidwa ndi timadontho ta pa sikirini totchedwa mapikiseli) muno mu Lusaka ndalama amaitaya pa mphindi imodzi, pamene kasitomala wafunsa mtengo iwo n'kuyankha pompo. Uthenga wake umakhala waufupi, pa WhatsApp kapena pa Discord: "Bwanji ba boss, nifuna ka character kamozi chabe ka game yanga. Ni zingati?" M'maso mwa wofunsayo muli kamunthu ka mapikiseli 32 uku ndi uku, kakang'ono zedi pa sikirini, ndiye kwa iye K500 ndi ndalama yokwanira ndithu. Sikuti ndi woipa mtima ayi. Sadziwa kukula kwa chomwe wapempha, ndipo nthawi zambiri wojambulayo nayenso sanakhalepo pansi kuti awerenge. Kuwerengako kumayambira m'nyumba mwanu, kasitomala asanabwere n'komwe.

Choyamba, ola lanu ndi ndalama zingati?

Tengani kope, mulembe zonse zomwe zimakudyerani ndalama pa mwezi. Kope musalinamize. Tiyerekeze munthu wosakwatira amene akuchita lendi zipinda ziwiri ku Chilenje kapena ku Mtendere. Manambala awa ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu. Lendi K2,500, chakudya K2,500, mabasi K600, malaiti ndi madzi K500, mabandulo a intaneti K700. Zakwana K6,800, ndipo ambiri amalekera pomwepa. Koma laputopu mukujambulirayo idzafa tsiku lina, batire la inivetala nalo limatha mphamvu, choncho muzipatula K800 ya zipangizo. Matenda, maliro, ndi kathandizo kopita kwa makolo ku Chipata kapena ku Katete, K900. Wolembedwa ntchito pakampani abwana ake amamuikirako gawo la penshoni ku NAPSA ndi la inshuwalansi ya zaumoyo ku NHIMA. Inu palibe wokuikirani, ndipo a msonkho a ZRA nawo adzafuna zawo, ndiye onjezani K1,500. Zonse pamodzi K10,000. Ngati muli ndi banja nambalayi ndi yochepa. A JCTR, omwe mwezi ndi mwezi amawerengera ndalama zomwe banja la anthu asanu limafunika kuti lidye ndi kukhala, mu 2024 anapeza kuti mu Lusaka zapitirira K10,000, ndipo umo mulibe laputopu.

Tsopano gawani ndi maola, ndipo apa ndi pomwe anthu amadzinamiza kwambiri. Maola 8 olipidwa pa tsiku simudzawapeza. Pali kuyankha mauthenga, kusaka makasitomala, kukonza potifoliyo, kuthamangira ku banki, kudikira malaiti. Masiku 20 pa mwezi, maola 4 ojambuladi pa tsiku, ndi maola 80. K10,000 kugawa ndi 80 ndi K125 pa ola. Dola ikakhala pa K25, imeneyo ndi $5.

K125 imeneyi ndi malire apansi. Ntchito iliyonse yolipira mochepera apa ndiye kuti inuyo ndi amene mukusonkhera gemu ya mwini wake. Nambalayi kasitomala asaidziwe. Ilembeni pa kapepala, mumate pambali pa sikirini.

Chachiwiri, funsani ndipo muwerenge mafelemu

Yankho lanu loyamba likhale mafunso. "Zikomo ba boss, ntchitoyi nditha kuigwira. Ndisanatchule mtengo mundiuzeko izi." Kamunthuko n'kakakulu bwanji, 16x16, 32x32 kapena 64x64? Gemu imaonedwa kuchokera pambali kapena pamwamba? Kazichita chiyani: kuima, kuyenda, kuthamanga, kulumpha, kumenya, kupweteka, kufa? Paleti ya mitundu ilipo kale kapena mupange inu? Akupangira mu injini iti (pulogalamu yopangira magemu), Godot, Unity kapena GameMaker, ndipo sprite sheet, chithunzi chimodzi chomwe mumayalapo zithunzi zonse za kamunthuko, akuifuna yoyalidwa motani? Akutumizireninso zithunzi zitatu za magemu ena zosonyeza maonekedwe omwe ali nawo m'mutu. Amene walephera kuyankha theka la mafunso awa, gemu yake sinakhwime, ndipo mudzajambula chinthu chimodzi katatu. Ameneyo mulipiritseni pa ola, mtengo wa ntchito yonse musamupatse.

Tiyeni tikaphwanye kamunthu kamodzi kaja. Gemu yoonedwa pamwamba, monga Stardew Valley, imafuna kuti munthu aziyang'ana mbali zinayi. Kumanzere mutha kungotembenuza chithunzi cha kumanja, ndiye zojambula zenizeni ndi mbali zitatu: kutsogolo, kumbuyo ndi pambali. Kuima akupuma, mafelemu 4 (felemu ndi chithunzi chimodzi mwa zomwe zimatsatizana kuti kamunthu kaoneke kakusuntha). Kuyenda, 6. Kumenya, 5. Kupweteka, 2. Pamodzi 17, kuchulukitsa ndi mbali 3, akwana 51. Kufa kujambuleni mbali imodzi yokha, mafelemu 6. Onse ndi 57. Mufunsiretu ngati munthuyo wagwira chikwanje kudzanja lamanja kapena wakoleka chikwama paphewa limodzi, chifukwa mukatembenuza chithunzi, chikwanjecho chimalumphira kudzanja linalo. Kasitomala akati zimenezo sakuzifuna, mbali yachinayi ndi yojambulanso, mafelemu ena 17.

Chomwe chimadya nthawi pa felemu iliyonse kasitomala sachiona. Mu Aseprite, pulogalamu yojambulira pixel art, mwayatsa onion skin, mukuona mthunzi wa felemu yapitayo. Phazi lakumanja likagunda pansi, thupi lonse litsike ndi pikiseli imodzi, mutu nawo utsike, koma tsitsi lichedwe ndi felemu imodzi kuti lioneke kuti lili ndi kulemera kwake. Mkono wakumanzere upite kutsogolo. Pa 32x32 mkono wonse m'lifupi ndi mapikiseli atatu, penanso awiri, ndipo mukausuntha mopitirira ndi kadontho kamodzi kokha, poseweretsa animeshoni mupeza kamunthu kakutsimphina. Mubwerera, mufufuta, museweretsanso, muchepetsa zoom kuti muone momwe wosewera adzaonere, n'kupeza kuti tsopano diso lasowa. Pa chithunzi chachikulu mzere wokhota pang'ono umabisala pakati pa inzake. Kuno kadontho kalikonse kali poyera.

Dziyeseni nokha. Jambulani kuyenda kwa munthu mmodzi mutayatsa wotchi ya pafoni, muone mphindi zomwe felemu imodzi imakutengerani. Tiyerekeze ndi mphindi 20. Mafelemu 57 ndi maola 19. Kupanga maonekedwe a munthuyo poyamba, kuyesa nkhope ndi zovala mpaka kasitomala avomere, maola 3. Kuyala sprite sheet, kutcha mafayilo mayina, kukonza zomwe wopanga gemu wapeza ataika kamunthuko mu injini, maola 2. Onse ndi maola 24. Pa K125 ndi K3,000. K500 ija ikanakupatsani pafupifupi K21 pa ola. Pamwamba pa K3,000 onjezani 15 kapena 20 peresenti ya zosayembekezereka, pakuti ntchito yojambula sithera pomwe munaganizira.

Pa tileset, timatailosi toyala popanga malo a mu gemu, msampha ndi womwewo. "Nifuna chabe udzu, manzi na njira." Kuti udzu ulumikizane bwino ndi madzi m'mbali ndi m'makona onse, kompyuta ikamayala yokha, pamafunika matailosi 47 pa mtundu wathunthu, kapena 16 pa mtundu wofupikitsa. Ambiri mwa iwo mumawapanga podula ndi kulumikiza zidutswa zochepa, komabe onse ayenera kuyesedwa kuti pasaoneke msoko. Mabatani, timitima tosonyeza moyo, zilembo, tizithunzi ta katundu wa m'chikwama cha wosewera, chilichonse chikhale pa mzere wakewake ndi nambala yake.

Potumiza mtengo tumizani mndandanda wonsewu. Kasitomala akaona 57 amasiya kukangana ndi inu n'kuyamba kukangana ndi gemu yake. Akati ndalama ndi yochepa, mtengo wa felemu usatsike, ntchito ndi imene ichepe. Kuyenda kukhale mafelemu 4. Kupweteka kukhale kungothwanima koyera, komwe wopanga gemu angachite yekha ndi code. Kufa kukhale kautsi kamodzi kogwira ntchito pa adani onse. Ndipo za ulere zibwere pamapeto. Amayi ogulitsa tomato ku msika wa Soweto amaika mbasela pamwamba pa mulu womwe mwalipira kale, ndipo kukula kwake amasankha okha. Inunso kasitomala wabwino mutha kumuponyera kakhofi kofuka kapena kagalu kogwedeza mchira, koma ntchito italipidwa.

Chachitatu, onani amene akugula

Mtengo wa mnyamata wa ku UNZA amene akupanga gemu yake yoyamba ya pa Android sungafanane ndi wa situdiyo ya ku Berlin kapena ku Seattle. Ena amati uku n'kukondera. Ine ndimati ndi nzeru, bola malire apansi aja asaphwanyidwe. Wa kuno mutha kumulipiritsa K150 kapena K200 pa ola, mu kwacha, pa Airtel Money kapena MTN MoMo, nkhani yatha. Koma mabungwe ndi makampani otsatsa malonda ofuna kagemu kophunzitsa ana kapena kokopa ogula ali ndi bajeti. Amenewo musawamvere chisoni ngati ana asukulu.

Kwa wakunja ndiye pamafunika kulimba mtima. $5 ija ili pansi pa malipiro ochepetsetsa omwe boma la America linakhazikitsa, $7.25 pa ola, nambala yomwe sinasinthe chiyambire 2009. Mukatchula $5 mukuuza situdiyo kuti luso lomwe mwaliphunzira zaka ndi lotchipa kuposa ntchito wamba ya kwawoko. Komanso mtengo wotsika kwambiri umathawitsa makasitomala abwino, omwe amaganiza kuti pali china cholakwika, n'kukukokerani aja ovuta, okonda kusintha maganizo pakati pausiku. Maganizo anga ndi awa: amene ali ndi potifoliyo yooneka, yokhala ndi animeshoni yoyenda bwino, asatsike pa $15 pa ola kwa wakunja, ndipo azikwera akamadziwika. Sprite (kachithunzi ka munthu kapena chinthu cha mu gemu) yojambulidwa ku Kalingalinga imagulitsa gemu pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, chimodzimodzi ndi yojambulidwa ku Montreal. Broforce, gemu ya pixel art yomwe inatuluka mu 2015 n'kugulidwa m'mayiko ambirimbiri, inapangidwa ndi a Free Lives ku Cape Town, kummwera kwathu konkuno. Pedro Medeiros ndi Amora Bettany, omwe anajambula Celeste ya mu 2018, ndi a ku Brazil. Wosewera safunsa komwe wojambula amagona. Kasitomala akakufunsani kuti muli dziko liti asanamve mtengo, muyankheni mwaulemu, koma mtengo ukhale womwe munakonza kale.

Wakunja mulipiritseni mu madola, ndipo pa kalata ya mtengo mulembe kuti mtengowu ndi wa masiku 30. Kwacha imayenda. Mu 2024 dola inadutsa K27, chaka chotsatira kwacha inalimbako. Ikalimba, madola anu amagula ufa wochepa pomwe lendi ili pomwepo. Kuwerengera kwa mu kope kuja muzikubwereza miyezi itatu iliyonse. Ndipo makasitomala atatu motsatizana akavomera mtengo wanu osanenerera n'komwe, mtengowo ndi wotsika, wachinayi akapeze wina.

Chachinayi, zodulidwa panjira

Fiverr ndi Upwork ndi masamba a pa intaneti opezerapo makasitomala. Fiverr amadula 20 peresenti, ndipo ndalama imakhala masiku 14 isanamasulidwe. Upwork amadula mpaka 15 peresenti malingana ndi ntchito. Kawerengedwe kake ambiri amakaphonya. Kuti mutsale ndi K125 pa Fiverr simuonjezera 20 peresenti pamwamba, chifukwa K150 akaidula mutsala ndi K120. Gawani ndi 0.8, mupeza K156.25. Kenako ndalamayo iyenera kuchoka pa intaneti kufika m'thumba. Akaunti ya PayPal ya ku Zambia imatumiza koma kulandira ayi, choncho ambiri amadalira Payoneer kapena kutumiziridwa ku banki mwachindunji. Konseko pali kodulidwa, ndipo mtengo wosinthira dola womwe banki idzakupatseni si uja mwauona pa Google. Funsani ku banki yanu zomwe amadula pa ndalama yochokera kunja musanatumize invoisi yoyamba, ndipo pa invoisiyo mulembe kuti zolipira potumiza ndi za kasitomala.

TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku ZRA, khalani nayo, makampani ndi mabungwe ambiri a muno amaifuna asanalipire. Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kutha kudikira pang'ono ngati mukuyamba kumene.

Chachisanu, zonse zilembedwe

Mgwirizano sukusowa masamba khumi a maloya. Tsamba limodzi, kapena imelo yomwe nonse awiri mwayankhapo kuti mwavomera, ndi yolimba kuposa voice note yomwe idzapite ndi foni ikagwera m'madzi. Muikemo mndandanda uja ndi manambala ake, mtengo, masiku, ndi njira yolipirira.

Kenako nkhani ya kukonza. Lembani kuti mtengowu ukuphatikiza kukonza kawiri, kachitatu ndi kolipira pa ola. Musiyanitsenso kukonza ndi kusintha maganizo. "Mwendo ukuoneka wautali" ndi kukonza. "Ndaganiza kuti akhale mayi wovala chitenje" ndi ntchito yatsopano. Njira yodzitetezera ndi yosavuta: kasitomala avomere kaye chithunzi choima chimodzi, molemba, musanayambe animeshoni. Chipewa chosinthidwa pa chithunzi chimodzi ndi mphindi zisanu. Chipewa chomwecho pa mafelemu 57 ndi tsiku.

Umwini wa zojambula ndi pomwe pagona ndalama yomwe ojambula athu amangoipereka osadziwa. Muno mu Zambia zojambula zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, koma malamulo okhudza ntchito yochita kuitanitsa amasiyana dziko ndi dziko, ndiye musasiyire malamulo kuti akuganizireni. Lembani. Pali kusiyana pakati pa kulola kasitomala kugwiritsa ntchito zojambula zanu mu gemu iyi yokha, kumulonjeza kuti simudzagulitsa kwa wina, ndi kumupatsa umwini wonse kuti aziike mu gemu yachiwiri, pa masikipa, pa zidole, kapena kuzigulitsanso. Masitudiyo ambiri amafuna umwini wonse, ndipo ali ndi zifukwa zomveka, makamaka ngati akusaka wofalitsa gemu. Palibe vuto, koma alipire. Ine ndimaona kuti kuonjezera theka la mtengo pa umwini wonse ndi chilungamo. Mafayilo a .aseprite, okhala ndi ma layer onse, nawonso ndi katundu wapadera. Kasitomala wagula ma PNG. Akafuna mafayilo oti wojambula wina adzapitirize pomwe mwalekera, zimenezo zinenedwe poyamba.

Mzere umodzi uwu usasowe: umwini kapena chilolezo chimapita kwa kasitomala ndalama yonse ikalowa. Tidzaufuna kutsogoloku.

Zina zitatu zazifupi. Dzina lanu lilembedwe pa mayina a opanga gemu, ndipo munene momwe lilembedwere. Muloledwe kuika ntchitoyo mu potifoliyo gemu ikatuluka, kapena pakatha chaka ngati sinatuluke, chifukwa pali ojambula omwe anagwira ntchito zaka ziwiri mobisa n'kutsala opanda choonetsa. Ndipo masiku ano ndi bwino kulemba kuti zojambula zanu zisagwiritsidwe ntchito pophunzitsa AI popanda chilolezo chanu. Wina atha kugula anthu asanu kwa inu ndi cholinga choti makina amupangire ena makumi asanu ooneka ngati a dzanja lanu.

Chachisanu ndi chimodzi, dipoziti

Theka la ndalama lilowe musanatsegule Aseprite. Pa ntchito yaikulu, ya miyezi iwiri kapena itatu, iduleni m'zigawo: anthu, tileset, mabatani, chigawo chilichonse ndi malipiro ake, ndipo chotsatira sichiyamba chapitacho chisanalipidwe. Mulembenso kuti kasitomala akaimitsa ntchito panjira, dipoziti sibwerera ndipo zomwe mwajambula kale zilipidwa. Magemu amafa panjira kawirikawiri. Wopanga apeza ntchito yolembedwa, kapena akangana ndi mnzake, kapena angotopa.

Samalani ndi zomwe mumatumiza poonetsa. Pixel art ili ndi vuto lomwe ojambula ena alibe. PNG kapena GIF yokulitsidwa kanayi, wina akaichepetsa kanayi imabwerera mwakale ndendende, kadontho kalikonse pamalo pake. Ndiye chija mumati n'chongoonetsa ndi ntchito yathunthu. Tumizani kavidiyo kojambula sikirini, kamunthu kakuyenda pamwamba pa chithunzi chodzaza mitundu, kapena mudutsitse mizere yopyapyala pakati pake. Koma ndalama ikalowa, mafayilo enieni musawatumize ngati chithunzi pa WhatsApp, chifukwa amachifinya, mitundu n'kusakanikirana m'mphepete, malo opanda mtundu ozungulira kamunthu n'kutsekeka. Aikeni mu zip, mutumize ngati document kapena pa Google Drive.

Chachisanu ndi chiwiri, "tidzagawana gemu ikagulitsidwa"

Mawu awa mudzawamva kambiri, ndipo amanenedwa ndi anthu okoma, okhulupiriradi gemu yawo. Tengani kope lija. Tiyerekeze gemu ikugulitsidwa $10 pa Steam, ndipo yagulidwa ndi anthu 500. Ndi $5,000. Steam amatenga 30 peresenti, patsala $3,500. Inu munalonjezedwa 10 peresenti, ndi $350, pa ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo apo sitinachotse obweza gemu, omwe Steam amawalola ngati asewera mosapitirira maola awiri mkati mwa masiku 14, sitinachotse masiku a sale pomwe mtengo umadulidwa pakati, misonkho, ndi gawo la wofalitsa ngati alipo. Anthu 500 nawonso sapezeka mophweka. Mu 2023 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 14,000. Ndipo zonsezi tikunena gemu yomwe yamalizidwa.

Adzakuuzani za Eric Barone, amene anapanga Stardew Valley yekha kwa zaka zoposa zinayi mpaka inatuluka mu 2016 n'kumulemeretsa. Nzoona. Koma iye amaika zaka zake pa gemu yake, ndipo phindu linali lake. Inu akukupemphani kuika miyezi yanu pa gemu ya wina, amene ndi iye adzasankhe ngati ituluke kapena ayi.

Ngati gemuyo yakugwirani mtima, pali njira yapakati. Landirani malipiro otsikirako, koma osapyola malire apansi aja, kuphatikiza peresenti. Peresentiyo ilembedwe kuti ikuchokera pa ndalama yotsala Steam kapena Google Play akatenga gawo lawo, osati pa phindu, chifukwa phindu wina atha kulidya ndi ndalama zotsatsira mpaka osatsala kanthu. Azikuonetsani malipoti a malonda miyezi itatu iliyonse. Ndipo gemu ikapanda kutuluka pa miyezi 18, zojambula zibwerere kwa inu kuti muzigulitse kwina.

Kwinako kulipo. Pa itch.io, msika wina wa magemu wa pa intaneti, mutha kuika anthu ndi ma tileset anu ngati phukusi loti aliyense agule, ndipo gawo lomwe iwo amatenga mumasankha nokha, ngakhale poyambira amaika 10 peresenti. Amalipira kudzera pa Payoneer. Dziwani kuti Zambia ilibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa zogulidwa ndi anthu a kumeneko amasunga 30 peresenti ya msonkho. Ndalama yake imabwera pang'onopang'ono, koma chojambula chimodzi chimagulitsidwa kambirimbiri.

Ntchito yaulere ili ndi malo ake. Pa Global Game Jam, yomwe imachitika mu January chaka chilichonse, anthu amasonkhana kupanga magemu ndipo aliyense amagwira mwaulere kwa maola 48, ndipo kumeneko ndi komwe mumaona kuti ndani amamalizadi zinthu. Malo ngati BongoHive, omwe akhala akusonkhanitsa opanga mapulogalamu muno mu Lusaka chiyambire 2011, ndi abwino podziwana ndi anthu otere. Koma munthu amene akulipira wopanga nyimbo ndi wolemba code, inu n'kukuuzani kuti dzina lanu lidzatchuka, wakuuzani kale komwe akukuikani. Chimodzimodzi mayeso. Situdiyo ikafuna kukuyesani, sprite imodzi ya ola limodzi kapena awiri ndi yokwanira. Akapempha munthu wathunthu ndi animeshoni yake, mayesowo alipidwe, ndipo zojambula za mayeso osalipidwa zimakhala zanu.

Za malaiti

Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, makomboni ambiri a mu Lusaka ankakhala mbali yaikulu ya tsiku opanda malaiti. Pa ntchito ya maola 24 musalonjeze masiku 6, lonjezani 9 kapena 10. Mukamaliza msanga kasitomala asangalala. Wakunja muuziretu pachiyambi m'chiganizo chimodzi, kusiyana n'kudzapepesa tsiku lopereka ntchito litadutsa. Wofuna ntchito mwachangu, yoti muchezere usiku kapena mukalipire malo okhala ndi jenereta, aonjezere ndalama. Ndipo mafayilo muziwakweza pa intaneti madzulo alionse.

Akapanda kulipira

Tsiku lolipira likadutsa, tumizani chikumbutso chimodzi chaulemu pamodzi ndi invoisi. Pakatha sabata, imitsani ntchito ndipo mumuuze kuti mwaimitsa. Musapitirize kujambula poganiza kuti akaona khama lanu achita manyazi. Pakatha sabata ina, lembani kalata yachidule yotchula ndalama, tsiku lomwe munagwirizana, ndi tsiku lomaliza lomwe mukudikira. Musatukwane, ndipo musathamangire kukamuyalutsa pa Facebook, chifukwa mawu olembedwa mutapsa mtima amatha kukubwererani ngati mlandu.

Ngati ndi wa muno, Small Claims Court inakhazikitsidwira nkhani ngati zimenezi, ndipo simusowa loya. Tengani mgwirizano, mauthenga osindikizidwa, ndi umboni wa dipoziti. Ngati ndi wakunja, kukhoti simungamufikire, koma mzere uja wa umwini ndi umene ukugwirireni ntchito. Poti sanamalize kulipira, zojambulazo zikadali zanu. Akatulutsa gemu ili ndi zojambula zanu, Steam, itch.io ndi Google Play onse ali ndi njira yolandirira madandaulo a umwini pansi pa lamulo la ku America la DMCA, ndipo amatha kuchotsa gemu pamsika nkhani ikuunikidwa. Musanatumize dandaulolo muuzeni kaye mwini gemu kuti mutero pakatha masiku 7, ndipo muikepo invoisi yomweyo pamodzi ndi nambala ya akaunti.